Nyemba za Amayi Zimene Ndinadzala pa Nkhungu

Kwathu ku Lobi nyengo si nkhani yochezera podikira minibasi ayi, ndi nkhani ya m'mimba. N'chifukwa chake a zanyengo akayamba kulankhula pa wailesi, m'nyumba mwanga simutsokomola munthu. Amuna anga anazolowera kalekale. Akafuna kunenapo kanthu amayamba akweza chala ngati mwana wa sukulu, ine n'kuwaponyera diso, chala chija n'kutsika chokha.

Madzulo amene ndikufuna kusimbawa anali a kumapeto kwa Malichi, chaka chimene tinaika amayi anga m'manda. Misozi inali isanaume n'komwe. Mtsikana wa pa wailesiyo anawerenga modekha, mawu amodziamodzi. Anati mvula ikulowera kumapeto, koma ife a m'madera okwera monga Dedza tiyembekezere chifunga chambiri m'mawa uliwonse m'masabata akubwerawo, ndiponso kuti kuzizira kuyamba msanga chaka chimenecho. Anamaliza ndi kuchenjeza oyendetsa galimoto kuti aziyatsa nyali ngakhale kutacha. Iwo a pa wailesi amati chifunga, ife kuno timati nkhungu, koma chinthu chake n'chimodzi: chija chimameza phiri la kuseri kwa nyumba, mpaka mbuzi yako yomwe uziimva kulira koma osaiona.

"Mwamva?" ndinawafunsa amuna anga.

"Ndamva. Akuti kuzizira kuyamba msanga."

"Ine ndamva nkhungu."

"Inde, nkhungu ndi kuzizira."

"Nkhungu," ndinatero ine, n'kuzimitsa wailesi. "Mawa ndikudzala nyemba za amayi."

Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Tinamvera wailesi imodzi, titakhala pa benchi imodzi, koma aliyense anatolapo zake.

Ndifotokoze kaye za nyembazo, mwina wina angaganize kuti ndinkakangana ndi amuna anga chifukwa cha ndiwo wamba. Amayi anali ndi mtundu wawo wa nyemba umene sindinauonepo pamsika uliwonse, kaya pa Lobi, kaya pa Kabwazi, kaya ku boma. Si nanyati, si kholophethe. N'zazing'ono, zotuwira, zokhala ndi kamzere kofiirira pamimba. Iwo ankazitcha kapsamsanga, chifukwa ukazitereka sizikuthera nkhuni, ndipo msuzi wake umagwirana wokha popanda tomato kapena mafuta. Anazitenga kwa amayi awo, amenenso anazitenga kwa awo. Kumene zinachokera poyambirira palibe akudziwa. Ine ndinakula ndikuzidya, ndikuzisankha pa lichero, ndikukwapulidwa chifukwa chozitayira pansi.

Chaka chimenecho amayi anadzala monga mwa nthawi zonse, pamodzi ndi chimanga, mvula yoyamba itagwa. Kenaka anadwala. Ndinapita nawo kuchipatala ndipo ndinakhala komweko ngati gadiyani, kugona pansi pambali pa bedi, kuphika kukhitchini ya odikirira odwala, nyengo yonse imene nyemba zimafuna munthu. Mvula nayo inachita kunyanya, usiku ndi usana. Paja amati mvula ikakuona litsiro sikata. Nyemba zinakhwima m'munda popanda wozizula, zina zinamera m'makoko momwemo, zina n'kuola. Amuna anga anali ndi ana, mbuzi, mbatatesi zawo, kuwonjezera apo maulendo odzatipatsa ufa kuchipatala, choncho sindiwaimba mlandu. Mng'ono wanga, amene anakwatiwa ku Lilongwe, zimene amayi anamupatsa anaphika kalekale. M'tauni mbewu sasunga.

Titabwerako kumanda, anthu atabalalika, ndinakalowa m'nyumba ya amayi kukasesa, ndipo kuseri kwa chitseko ndinapeza kamphika kadothi komata pakamwa. M'katimo munali nyemba zosakaniza ndi phulusa, zotsala podzala paja. Zinali zongokwana m'mbale ya ndiwo, osadzaza n'komwe. Padziko lonse lapansi kapsamsanga yense anali ameneyo.

Ndipo anankafumbwe anali atalowamo kale. Nditazikhuthulira pa lichero ndinaona timabowo, ndi tizilombo tija tikuthawa kuwala. Ndinasankha imodziimodzi, zobooka uku, zabwino uku. Mbewu yokalamba, yoyamba kale kufumbwa, uisunge mpaka Disembala? Ukadzatsegula udzapeza fumbi lokhalokha. Ine ndinadziwa kuti nyemba zimenezi zikapanda kulowa m'dothi tsopano, ndiye kuti taika maliro awiri.

Kudzala nyemba kachiwiri si zachilendo kuno. Chimanga chikayamba kukhwima timapulula masamba a m'munsi, n'kupalira pang'ono, n'kudzala nyemba m'mbali mwa mizere, ndipo zimakula ndi chinyezi chotsalira. Koma zimenezi anthu amachita mu Febuluwale, akachedwa kumayambiriro kwa Malichi. Ine ndinali nditachedwa zedi, ndipo amuna anga anandikumbutsa zimenezo m'mawa mwake ndikusakasaka khasu.

"Inu, mvula yatha. Mudzala podalira chiyani?"

"Nkhungu."

"Nkhungu ndi madzi?"

"Ikagwa mudzapite mukaime panja opanda jekete, mudzabwere mudzandiuze ngati si madzi."

"Nanga chisanu? Nyemba zimenezi zidzakhala ndi zitheba mu Juni. Mukudziwa zimene Juni amachita kuno. Walira mvula walira matope, akazi anga. Mukaitana nkhungu mwaitananso m'bale wake."

Amuna angawa kwawo n'ku Kaphuka, ndipo anakulira m'mbatatesi. Kwa mlimi wa mbatatesi nkhungu ndi mdani: ikagona pa masamba masiku angapo chiwawu chimalowa, munda wonse n'kuda ngati wapsa ndi moto. Ndiye iwo akangomva mawu akuti nkhungu amayamba kuganiza za mankhwala opopera. Sindinawaone ngati opusa ayi. Zimene ankanenazo zinali zoona. Kungoti zoona zawozo zinalibe kolowera. Ndisadzale, chabwino, ndiye nditani? Ndikazinge anankafumbwe?

"Akamwini," ndinatero, poti ndikafuna kuwaputa ndimawatchula choncho ngakhale akhala pamudzi pano mpaka imvi, "munda uwu ndinayamba kuulima inu musanadziwe njira ya ku Lobi. Nkhungu ya pano ndimaidziwa pamene imagona ndi pamene imadzukira. Inu samalani mbatatesi."

Anaseka, n'kupukusa mutu. "Chabwino. Koma dzalani theka, theka linalo musunge."

Apa ndiye ndinayamba ndaima kaye, chifukwa anali malangizo a munthu wanzeru. Koma theka la kambale kosadzaza ndi chiyani? Zosungazo zikanafumbwa ndithu, ndipo zodzalazo zikanachepa moti mbewa imodzi yakhama ikanatha kumaliza mtundu wonse osakhuta. Ndinadzala zonse. Ngakhale zobooka zija ndinaziponya m'mapando awoawo kumapeto kwa mzere, kuti mwina pakati pawo ina ili ndi mutu wouma ngati wanga.

Malo ndinasankha ndekha, kachigawo ka munda wa amayi kotsetsereka, koyang'ana kum'mawa, kotsikira kudambo. Nkhungu ikamachoka m'dambo m'mawa imakwera pamenepo pang'onopang'ono, ndipo imachedwa kuchokapo kusiyana ndi pena paliponse. Ndili mtsikana ndinkadana napo pamenepo chifukwa cha mame, koma amayi ankapakonda. Ankati nkhungu ndi mvula ya osauka, imabwera yopanda phokoso ndipo sikokolola nthaka ya munthu. Ndinapulula masamba a chimanga, koma mapesi ndinalamula kuti asadzadulidwe ngakhale pokolola, kuti nyemba zidzapeze poyanga.

Odutsa m'njira sanalephere kuponyapo mawu. Mayi wina wa kutsidya anaima ndi mtolo wake wa nkhuni pamutu n'kufunsa ngati ndikudzala kapena ndikudyetsa mbewa. Ndinamuuza kuti nkhunizo zikumudikira kuphika. Wina anandinong'oneza mwachifundo kuti chisoni chimasokoneza mutu, ndipume kaye. Ameneyo ndiye anandipsetsa mtima kwambiri. Mutu wanga unali bwinobwino.

Masiku oyamba kunalibe kanthu. Kumwamba kuli mbee, dzuwa likuswa mtengo, dothi likuuma ndikuona. Amuna anga akadzuka ankatsegula chitseko, kuyang'ana kuphiri, kenaka kuyang'ana ine, n'kukatenga mswachi. Ine mumtima ndinkamukalipira mtsikana wa pa wailesi uja, mwana wa eni ake wosalakwa. Ndinkati iwe, ngati unangowerenga za chaka chatha, udzandiona. Tsiku lina ndinafukula phando limodzi ndi chala kuti ndione, ndipo ndinapeza nyemba itafufuma pang'ono, ikudikira. Ndinaikwirira n'kuiuza kuti ipirire, thandizo lili m'njira.

Kenaka m'mawa wina ndinadzidzimuka ndi kudontha kwa madzi kuchokera pa malata, dontho limodzilimodzi, koma mvula osamveka. Nditatsegula chitseko, khola la mbuzi kulibe, mtengo wa mapichesi kulibe, phiri kulibe. Kunja kuli mbuu! Ndinabwerera kuchipinda n'kukawavundukula amuna anga.

"Dzukani mukaone madzi munkafunsa aja."

"Iii, inu, tatsekani chitseko, kukuzizira!"

Inagwa tsiku limenelo, inagwanso mawa lake, n'kumangogwa. A zanyengo aja sananame. Epulo yense tinkadzuka m'nkhungu, ndipo inkachoka dzuwa litakwera ndithu. Ana popita kusukulu ankangomveka mawu m'njira, atavala majuzi a akuluakulu ofika m'maondo. A njinga zamoto ankayenda akuliza mahutala ngati kuli ukwati. Zovala pa chingwe zinkatha masiku osauma, ndipo pamjigo azimayi ankadandaula kuti ufa sukuuma, wayamba kununkha chuku. Amuna anga ankakhalira kupopera mbatatesi, akung'ung'udza. Aliyense ankaitukwana nkhungu. Ine ndekha m'mudzi monse ndinkayenda ndikumwetulira.

Ndinkapita kumunda m'mawa uliwonse, chitenje chitanyowa ndi mame mpaka m'chiuno. Ukagwada n'kuyang'anitsitsa umaona mmene zimachitikira. Nkhungu imagwira pa masamba a chimanga n'kusanduka timadontho, timadonthoto n'kutsetsereka ndi phesi mpaka pansi, pa phando penipeni. Dothi la pamenepo ukalikanda ndi chala limakhala lakuda. Nyemba zinatuluka zitapinda makosi, kenaka n'kutambasula masamba oyamba aja. Sizinamere zonse ayi, mbewu inali yotopa, koma zomerazo zinali zokwanira kuti munthu uime n'kugwira m'chiuno. Ngakhale pa mapando a zobooka paja panatuluka zingapo.

Ndiye pakamwa panga panatseguka. Sindibisa, ndinadzitama, ndipo ndinali ndi chifukwa. Ku mphakati, tikatha mapemphero, ndinkachita kuwakoka azimayi anzanga kuti akaone. Mayi wa nkhuni uja ndinamuitana mwapadera. Mng'ono wanga ataimba foni ndinamuuza kuti akonzeretu thumba.

"Asisi, zoona zamera? Za amayi zija?"

"Nanga ndingakunamize? Zayamba kale kuyanga. Khwanya wake ukanamuona!"

"Musathyole khwanya, asisi, chonde. Zisiyeni zibereke."

"Iwe, ukundiphunzitsa ine ulimi uli pa simenti?"

Anaseka, kenaka ndinamva kuti akulira. Anati amadandaula tsiku ndi tsiku kuti zake zija anaphika, akanadziwa akanasungako ngakhale zodzaza dzanja. Ndinamukalipira kuti asandiyambitse, mayunitsi ake angathere misozi. Koma nditadula foni ndinakhala kaye pansi, chifukwa ndinazindikira kuti nyembazi sizinali zanga ndekha.

Amuna anga ankangoti, "Linda madzi apite ndipo uziti ndadala." Ine ndinkawafunsa kuti madzi ake ati, poti iwo ankati kulibe.

Mu Meyi kuzizira kunayamba kuluma zenizeni, msanga monga ananenera. Milomo ya ana inang'aluka, madzi a mumtsuko ankachita kupweteka mano, ndipo kutchalitchi anthu ankaimba utsi ukutuluka m'kamwa. Tinakolola chimanga m'munda monse, koma m'kachigawo kaja ndinathyola ndekha, phesi lililonse n'kulisiya chiimire ndi nyemba zake. Zinachita maluwa oyera, maluwa n'kuyoyoka, n'kutuluka tizitheba tonga singano. Pofika mu Juni zitheba zinali zitatalika, njere zikuoneka m'kati koma zikadali zanthete. Zinkafuna masabata ochepa chabe kuti zikhwime. Pa msinkhu umenewo nyemba ndi madzi okhaokha, ndipo chisanu chikazipeza sichisiya kanthu.

Tsono anthu a kutali sadziwa chinthu chimodzi. Amaganiza kuti m'mawa wa nkhungu ndiye woopsa kwambiri, poti ndi umene umaoneka wozizira. Ayi ndithu. Nkhungu ndi chofunda. Kukakhala mitambo kapena nkhungu ikagwa molawirira, nthaka imasunga kutentha kwake. Chisanu chenicheni, chija chimawaula mbewu, chimabwera kumwamba kukayera, mphepo itaima. Chimatsika mwakachetechete n'kukagona m'malo otsika, ndipo m'mawa udzu umaoneka ngati wawazidwa ufa.

Ndiye madzulo ena mtsikana uja anabwera ndi mawu osangalala. Anati pali uthenga wabwino kwa apaulendo: chifunga chija chichepa kuyambira tsiku lomwelo, kumwamba kukhala kopanda mitambo kwa masiku angapo, mphepo ikhala bata, koma a m'madera okwera tifunde bwino chifukwa m'bandakucha kuzizira kwambiri. Wina aliyense akanati zikomo, zovala ziuma tsopano.

Ulendo uno amuna anga sanakweze chala. Anaimirira. Ine ndinali nditaimirira kale. Tinatuluka panja. Dzuwa linali likulowa, kumadzulo kuli psuu, phiri likuoneka lonse mpaka miyala yake, utsi wa m'makhitchini ukukwera mowongoka osapendama. Kunali kokongola, koma ine ndinachita mantha.

"Tengani chilichonse chofunditsira," anatero amuna anga. Sananene kuti ndinakuuzani. Ndimawalemekeza pa chimenecho mpaka lero, chifukwa ndikanakhala ine ndikananena.

Tinatenga matumba a feteleza opanda kanthu, mikeka yakale, masikito ong'ambika, ndi udzu umene tinamweta kuti tifolerere khitchini. Tinkayala pamwamba pa mapesi aja kuti zisapsinje nyemba, kuyambira kumtunda kutsika. Zinatha tisanafike pakati. Ndinathamangira kunyumba n'kukatenga zitenje zanga zonse, cha kutchalitchi chomwe, ndi nsalu ya patebulo. Zinathanso. Ndinathamanganso, n'kubwera nditasenza bulangeti lathu lalikulu.

"Inu, limenelonso?"

"Inu muli ndi jekete. Nyemba zili ndi chiyani?"

"Koma ndiye ndinakwatiratu ine!" anatero, koma anagwira mbali inayo n'kundithandiza kuyala.

Mizere ya kumunsi, yoyandikira dambo, inatsala yosafunda. Panalibenso choyala. Amuna anga anati kwawo chisanu chikagwera mbatatesi za kudimba, amalawirira kukazitsuka ndi madzi dzuwa lisanaziwombe, chifukwa tsamba limafa dzuwa likapeza chisanu chikadali pomwepo. Sindinatsutse. Pa nkhani ya chisanu iwo ndiwo anali akatswiri, ndipo ine ndimadziwa nthawi yotseka pakamwa, ngakhale siibwera kawirikawiri. Tinatunga madzi m'ndowa ndi m'makheni n'kuzisiya m'mphepete mwa munda, kenaka tinabwerera kunyumba kukagona m'majekete.

Tinalawirira kusanayere bwino. Udzu wa m'njira unkachita kulira pansi pa mapazi ngati ukuponda masamba ouma. Madzi a m'ndowa anali ndi kakhungu pamwamba koti uswe ndi chala. M'dambo monse munali mbee, ndipo bulangeti lija linali litauma gwa. Manja anga anachita dzanzi moti chogwirira cha kheni sindinkachimva, koma tinathirira, iwo mzere uwu ine mzere uwo, kuthamangitsana ndi dzuwa limene linali litayamba kale kufiiritsa nsonga ya phiri. Ndinkapemphera mokweza, ndipo pena pempherolo linkasanduka kukalipa. Ndinawauza amayi kuti ngati ali pafupi ndi Mwini wake, ino ndiyo nthawi yoti alankhule, asangokhala.

Dzuwa linatipeza tisanamalize. Pofika masana zinadziwika. Mizere ya kumunsi kwenikweni inali itawauka, masamba ali lende, akuda, zitheba zitafewa ngati zowiritsa. Imene tinaitsuka ija inapulumuka mwa apo ndi apo. Ndinayenda m'mizere yakufayo mtima ukundiwawa, chifukwa phando lililonse ndinkalidziwa. Koma titavundukula matumba, zitenje ndi bulangeti, za pansi pake zinali zobiriwira, zili njo, osadziwa n'komwe kuti kunja kwachitika chiyani. Ndinakhala pansi pomwepo n'kuyamba kuseka, misozi ikutsika, mamina ali chuchuchu ndi kuzizira.

"Mwaona?" ndinatero. "Ndinanena ine."

"Munanena chiyani? Theka lapita."

"Theka latsala."

Kumwamba kunakhalabe koyera masiku angapo, ndipo madzulo aliwonse tinkafunditsa, m'mawa n'kuvundukula, ngati tikulera khanda. Anthu odutsa ankaima kuonerera munda wovala zitenje. Bambo wina anafunsa ngati ndatsegula kaunjika. Ndinamuuza kuti abwere adzasankhe chipewa, mwina nzeru zake zingafundeko. Amuna anga anagwidwa ndi chimfine choopsa, ndipo ankayetsemula atandiyang'ana kuti ndidziwe mwini wake wa mlanduwo. Ndinkangowaphikira tiyi wa mandimu. Kenaka m'mawa wina malata anayambanso kudontha. Nkhungu inali itabwerera, ndipo bulangeti nalo linabwerera pabedi likununkha dothi.

Nyemba zinauma mu Julayi. Sindinazimenye ndi ndodo monga timachitira. Ndinazizula, kuziyanika pakhonde, n'kuswa makoko ndi manja, kuti ngakhale imodzi isadumphire kutali, ndipo nkhuku imene inayerekeza kuyandikira inadziwa kuti ndili ndi nsapato. Nditapeta zinatsala pang'ono kudzaza lichero. Kuchokera pa kambale kosadzaza kaja, abale!

Ndinazigawa tsiku lomwelo, chifukwa sindinafunenso kuti mtundu wonse uzigona m'kamphika kamodzi. Zina ndinapatula za mng'ono wanga, ndi mawu oti akadzale ngakhale kuseri kwa bafa, akaphika adzandimva. Zina ndinapatsa azimayi a ku mphakati amene ndimadziwa kuti manja awo sataya mbewu. Zanga ndinasakaniza ndi phulusa latsopano n'kumata. Panatsala zongodzaza m'manja, ndipo amuna anga anaima pambali akutsokomola mwadala.

"Ife ogona m'majekete sitilawako?"

Ndinaziphika. Zitapsa ndinapakula monga ndakhala ndikupakulira chikwatiwire. Pakhomo pathu mbale yoyamba ya chakudya chilichonse chatsopano, kaya ndi dzungu, kaya ndi chimanga chachiwisi, imapita kwa amayi, ife timadya pambuyo. Sindinaganize n'komwe, manja anachita okha. Ndinavundikira mbaleyo ndi inzake, ndinadutsa pabwalo ndikuyenda monyadira, pakamwa nditakonzeratu mawu oti taonani amayi, inu munkati ndine waphuma. Ndinafika pakhomo pawo n'kunena kuti, "Odi!"

Pachitseko panali loko, amene ndinakhoma ndi manja anga.

Ndinaima pamenepo mbale ikunditentha m'manja. Miyezi yonse ija ndinalimbana ndi dzuwa, ndi chisanu, ndi pakamwa pa anthu, ndipo ndinapambana, koma munthu amene ndinkafuna kuti andione nditapambana kunalibe. Ndinawasowa amayi tsiku limenelo kuposa tsiku la maliro awo.

Amuna anga anabwera pambuyo panga mwakachetechete. Sananene kuti tiyeni kunyumba. Anakhala pansi pakhonde la amayi, n'kupukuta fumbi pambali pawo ndi chipewa.

"Khalani apa," anatero. "Tidyere pompano."